Kulimbitsa thupi tsiku ndi tsiku pamene mwachepetsa nsima ndi zakudya zina zokhutitsa

Munthu akachepetsa nsima, mpunga, buledi, mbatata, tchipisi ndi zakumwa za shuga, thupi lake silizolowera tsiku lomwelo, ndipo m'masabata awiri kapena atatu oyambirira ndi m'mene ambiri amagwera ulesi pa masewera olimbitsa thupi. Chifukwa chake nchakuti thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo gramu iliyonse ya shugayu imasungidwa pamodzi ndi magramu pafupifupi 3 a madzi. Zokhutitsa zikachepa, nkhokwe imeneyi imaphwa, madzi ndi mchere zimatuluka ndi mkodzo, ndipo munthu amamva kufooka, litsipa kapena chizungulire. Choncho musayambe kuthamanga mwamphamvu sabata yomwe mwasintha kadyedwe. Yambani ndi kuyenda ndawala, chifukwa pa liwiro lotere thupi limatha kugwiritsa ntchito mafuta amene lasunga, ndipo muzimwa madzi okwanira.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Mphindi zimenezi siziyenera kuchitika pakamodzi, ndipo ine ndimaona kuti njira yokhalitsa ndi kuzilowetsa m'maulendo amene mumayenda kale. Lilongwe ndi mzinda wotambalala, kotero kuti ambiri timadalira minibasi ndi kabaza ngakhale pa mtunda umene miyendo ikanatha. Ngati mumachokera ku Area 25 kupita ku ntchito ku Kanengo, kapena ku Kawale kupita ku Old Town, tsikani siteji imodzi musanafike ndipo mumalize ulendowo wapansi. Ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill azikwera masitepe, ndipo akatha kudya masana aziyenda mphindi khumi asanabwerere pa mpando, popeza kuyenda mutangodya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri m'magazi. Poyenda m'mbali mwa msewu khalani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zikubwera, ndipo kukamada valani zowala.

Masiku awiri pa sabata muziwapatula kuti mulimbitse minofu, chifukwa munthu akamatsika thupi amatayanso mnofu ngati saugwiritsa ntchito. Simufunika kulipira ku jimu. Kunyonyomala ndi kudzuka kakhumi, kupuma pang'ono, nkubwereza katatu, ndi chiyambi chabwino. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, ndipo ziwiri zotere nzokwanira kulimbitsa mikono ndi mapewa. Kulima pa dimba, kuchapa ndi kukolopa nazonso ziwerengedwe ngati zikukutulutsani thukuta. Mnofu umafuna chakudya chomanga thupi, ndiye pa mbale panu pasasowe mazira, usipa, matemba, nkhuku kapena mtedza, pamodzi ndi ndiwo zamasamba zambiri monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru wotendera. Peyala limakhutitsa bwino pa nyengo yake. Nyemba nzabwino, koma zili ndi sitachi, amene thupi limasandutsa shuga, kotero muzidya moyeza.

Masewera ofuna mphamvu zadzidzidzi, monga mpira wa Loweruka pa bwalo la m'dera lanu kapena kuthamanga chitunda, amadalira shuga wa m'minofu uja, ndipo apa mpamene kuchepetsa zokhutitsa kumaonekera msanga. Nzeru yake nkusunga zokhutitsa zochepa zimene mwadzilola kuti muzidye pafupi ndi nthawi ya masewerawo: nthochi imodzi kutatsala ola limodzi, kapena mtanda umodzi wa nsima ya mgaiwa mukamaliza. Kumbukirani kuti mgaiwa nawonso uli ndi sitachi wambiri ngakhale uli ndi gaga. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, chitani masewera m'mamawa kusanatenthe ndipo nyamulani botolo la madzi.

Pali anthu amene sayenera kuyamba zonsezi paokha. Wodwala matenda a shuga amene amabaya jakisoni wa insulin kapena kumwa glibenclamide akachepetsa zokhutitsa nkuwonjezera masewera, shuga akhoza kutsika moopsa, choncho ayambe waonana ndi adokotala kuti aunikenso mlingo wa mankhwala, ndipo poyenda azikhala ndi maswiti m'thumba oti adye akamva kunjenjemera, thukuta lozizira kapena kusokonezeka mutu. Amene amamwa mankhwala a BP, odwala impso ndi amayi oyembekezera kapena oyamwitsa nawonso afunse kaye kuchipatala. Aliyense akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika kosazolowereka, asiye masewerawo pomwepo ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.