Liwiro ndi Chitunda pa Treadmill: Malangizo kwa Amene Mukungoyamba Kumene

Treadmill, makina amene munthu amayendapo kapena kuthamangapo ali pamalo amodzi, ili ndi mabatani ambiri, koma amene mudzalimbane nawo tsiku ndi tsiku ndi awiri okha. Lina limathamangitsa kapena kuchedwetsa lamba amene mukupondapo, ndipo pamenepo alemba Speed. Linalo limatukula kutsogolo kwa makina kuti pakhale chitunda, ndipo alemba Incline. Munthu wachilendo amaopa batani la liwiro, n'zomveka, chifukwa lamba akathamanga kuposa miyendo amakugwetsa nthawi yomweyo anthu onse a m'jimu akuona. Batani la chitunda saliopa. Amalikanikiza mpaka 10 kapena 12 poonera woyandikana naye, n'kukangamira zitsulo za m'mbali ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, iye n'kumati lero ndagwira ntchito. Batani limeneli ndi limene limavulaza anthu mwakachetechete, choncho tikhalitsa pamenepo.

Musanakanikize chilichonse, funsani woyang'anira jimu kapena onani pagalasi ngati makinawo akuwerenga makilomita kapena mamailosi. Makina ena ochokera ku America kapena ku Britain amabwera atatcheredwa pa mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Nambala 5 pa makina owerenga makilomita ndi kuyenda wamba. Nambala 5 yomweyo pa makina owerenga mamailosi ndi makilomita 8 pa ola, ndiye kuthamanga kumene. Manambala onse a liwiro amene ali m'munsimu ndi a makilomita pa ola.

Pokwera, imani motangadza miyendo, mapazi ali m'mphepete mosayendamo. Panani kachingwe kachitetezo, kamene kamaimitsa makina mukagwa, pa malaya kapena m'chiuno, yatsani lamba pa 2, kenako mupondepo. Mphindi 5 zoyambirira yendani pa 3 kapena 3.5 kuti thupi litenthe komanso maso azolowere, chifukwa kuyenda pamene zinthu zokuzungulirani zangoima kumasokoneza mutu masiku oyamba. Munthu wamkulu wathanzi amayenda pakati pa 4 ndi 5 akakhala kuti palibe chomufulumizitsa. Kuyenda kwa ndawala kumagwera pakati pa 5.5 ndi 6.5. Liwiro likafika cha m'ma 7 kapena 7.5, miyendo imayamba yokha kuthamanga, popeza pamenepo kuyenda kumalemetsa kuposa kuthamanga pang'onopang'ono. Wamfupi msinkhu amafika pamenepa msanga kuposa wamtali, ndiye musatengere nambala ya mnzanu.

Liwiro lokuyenerani mulidziwa ndi mpweya wanu. Mukayenda kwa mphindi zingapo, yesani kutchula mokweza dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yanu yaikulu ndi boma lanu. Mukatchula zonsezo osadukiza, koma kuti muimbe nyimbo mpweya n'kukuthawani, ndiye kuti muli pamuyeso wabwino. Ngati mukutha kuimba bwinobwino, onjezerani 0.5. Ngati mukungotulutsa mawu awiri kapena atatu n'kupumira kaye, mwapyola muyeso wa munthu woyamba, tsitsani. Muyeso wapakatiwu ndi umene bungwe la WHO linanena m'malangizo ake a 2020, kuti munthu wamkulu azichita masewera otere kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 masiku asanu zimakwanitsa chiwerengero chapansicho, koma kumeneko ndi kofikira, si koyambira.

Amene muli ndi wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, chotsani zaka zanu pa 220 kuti mupeze malire ongoyerekeza, kenako muzikhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya malirewo. Wa zaka 40 malire ake ndi 180, ndiye aziyenda mtima ukugunda pakati pa 90 ndi 126 pa mphindi. Masamu amenewa amalephera pa anthu ambiri ndithu, ndipo sagwira konse kwa amene akumwa mankhwala a BP monga atenolol kapena propranolol, omwe amachedwetsa mtima. Tizitsulo tonyezimira ta pa zogwirira timawerenganso mtima, koma manja akanyowa ndi thukuta timanama. Wotchi ndi mpweya zikatsutsana, mverani mpweya.

Tsopano za chitunda. Pa makina ambiri nambala ya chitunda ndi peresenti: 5 ikutanthauza kuti pa mamita 100 alionse amene mwayenda, mwakwera mamita 5. Makina ambiri amalekezera pa 12 kapena 15. Nambalazi zimaoneka zazing'ono, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu. Mukayenda theka la ola pa liwiro la 5 mumayenda makilomita 2.5, ndipo ngati chitunda chinali pa 10, mwakwera mamita pafupifupi 250 osapumira paliponse.

Bungwe la American College of Sports Medicine lili ndi masamu owerengera mphamvu imene thupi limawononga poyenda. Tikatengera masamuwo, munthu wolemera makilogalamu 70 amene wayenda mphindi 30 pa liwiro la 5 popanda chitunda amaotcha makalori pafupifupi 125, omwe ndi ofanana ndi amene ali m'botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml. Akaika chitunda pa 5, liwiro lomwelo, amafika cha m'ma 200. Akaika pa 10 amafika cha m'ma 280, kuposa kuwirikiza kawiri. Apa ndi pamene pali ubwino wa chitunda, makamaka kwa munthu wonenepa kapena wa mawondo odandaula. Pothamanga, phazi limamenya pansi ndi mphamvu yowirikiza kawiri kapena katatu kulemera kwa thupi, pamene poyenda phazi limodzi limakhala lili pansi nthawi zonse. Kuyenda pa chitunda cha 3 mpaka 5 kumagwiritsa mtima ntchito yokwanira popanda kudzidzimutsa mawondo.

Vuto lake n'lakuti ziwalo za thupi sizizolowera ntchito nthawi imodzi. Mtima ndi mpweya zimasintha m'masabata ochepa, munthu n'kumamva kuti akhoza kuwonjezera. Mitsempha imatenga miyezi. Pokwera chitunda, phazi limapindika kwambiri pa kakolo, ndipo akatumba a kuseri kwa mwendo ndi mtsempha waukulu wotsikira kuchidendene zimakokeka pa sitepe iliyonse. Tsiku limenelo simumva kanthu. Mudzamva mawa lake kapena mkucha podzuka, poponda pansi koyamba, chidendene chikulasa kapena msongolo ukuwawa. Kuphwanya kwa minofu kumene kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa. Ululu wa malo amodzi umene mungauloze ndi chala, umene ukukula mukamayenda, ukufuna kuti mupumule ndi kutsitsa chitunda, ndipo ukapitirira sabata mukaonane ndi achipatala.

Ambiri a inu mwaona pa TikTok kachitidwe kotchedwa 12-3-30, kamene kanatchuka kudzera mwa Lauren Giraldo wa ku America: chitunda pa 12, liwiro mamailosi 3 pa ola, kwa mphindi 30. Mamailosi 3 ndi makilomita 4.8, ndiye anthu amati n'kuyenda chabe. Pa masamu aja, ntchito yake ndi pafupifupi yofanana ndi kuthamanga makilomita 8 pa ola pamalo athyathyathya kwa theka lonse la ola. Taonaninso izi. Mu 1963, Dr Robert Bruce wa ku University of Washington ku Seattle anafalitsa njira yoyezera mtima pa treadmill imene madokotala akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Gawo loyamba wodwala amayenda pa 2.7 chitunda chili pa 10, gawo lachiwiri pa 4 chitunda chili pa 12, gawo lachitatu pa 5.5 chitunda chili pa 14, ndipo gawo lililonse limatenga mphindi 3 zokha, mawaya ali pachifuwa, dokotala ali pambali. Choncho 12-3-30 imagwera pakati pa gawo lachiwiri ndi lachitatu la mayeso amene anakonzedwa kuti apanikize mtima dala. Kwa munthu amene wazolowera kale, palibe cholakwika. Kwa amene wakhala zaka zisanu pampando wa mu ofesi, si poyambira.

Ndipo ambiri amene amati amakwanitsa 12-3-30, kawaoneni mmene amachitira. Manja ali nganganga pa chitsulo chakutsogolo, mikono yatambasuka, thupi lapendekekera kumbuyo. Munthu akatero thupi lake limaima molunjika ndi lamba ngati kuti akuyenda pamalo athyathyathya, ndipo gawo la kulemera kwake lanyamulidwa ndi mikono. Galasi likupitiriza kuwerenga makalori ngati kuti akukwera, chifukwa makinawo sadziwa kuti wagwirira. Chimene watsala nacho ndi mapewa owawa ndi msana wothina. Lamulo langa pa nkhaniyi ndi limodzi: ngati simungathe kusiya zitsulo n'kumaponya manja momasuka, ndiye kuti liwiro kapena chitunda chakukulirani, tsitsani mpaka mutasiya. Okalamba ndi amene ali ndi vuto la chizungulire akhoza kutsamiritsa zala pa zitsulo za m'mbali kuti asadzandire, bola asakolekepo thupi.

Nanga muyambe bwanji? Masabata awiri oyamba, chitunda chikhale pa 0 kapena 1, mphindi 15 mpaka 20, masiku atatu pa sabata, mukudumphitsa tsiku pakati. Choyamba kuwonjezera ndi nthawi, mphindi 5 sabata iliyonse, mpaka mufike 30. Mukafika pamenepo ndiye mukhudze mabatani aja, koma limodzi pa sabata. Sabata imene mwawonjezera liwiro ndi 0.5, chitunda chisiyeni. Sabata imene mwakweza chitunda ndi 1, liwiro lisiyeni, kapenanso mulitsitse pang'ono. Mukasintha zonse ziwiri pamodzi, bondo likayamba kuwawa simudziwa chimene chalakwa. Chitunda muzichilowetsa m'zigawozigawo: mphindi 2 pa 3 kapena 4, mphindi 3 pa 1, n'kubwereza kanayi. Pokwera fupikitsani masitepe, weramirani kutsogolo pang'ono thupi lonse kuchokera pa akakolo, osapinda m'chiuno.

Amene cholinga chanu n'kuthamanga, dikirani mpaka muzitha kuyenda ndawala mphindi 30 osavutika. Kenako tengerani dongosolo la Couch to 5K, lothandiza woyamba kumene kufika pothamanga makilomita 5, limene Josh Clark analemba mu 1996 ndipo a NHS, a zaumoyo a boma ku Britain, amalilimbikitsa. Limatenga masabata 9, katatu pa sabata, ndipo sabata yoyamba ndi kuthamanga masekondi 60, kuyenda masekondi 90, mobwerezabwereza kwa mphindi 20. Pa treadmill, kuthamangako kukhale pa 7 kapena 8, kuyendako pa 5. Ena amachita manyazi kuti 7 ndi liwiro la nkhalamba, koma amene amayambira pa 10 ndi omwe amasiya sabata yachiwiri. Khalani pakati pa lamba, maso kutsogolo. Mukamamva phazi likumenya kwambiri kapena nsapato ikugunda chivundikiro chakutsogolo, masitepe anu atalika.

Mudzamva anthu akunena kuti treadmill iyenera kukhala pa chitunda cha 1 nthawi zonse kuti ifanane ndi msewu. Mawuwa anachokera ku kafukufuku wa Andrew Jones ndi Jonathan Doust wa 1996, amene anayeza akatswiri othamanga n'kupeza kuti chitunda cha 1 chimabwezera mphepo imene munthu amalimbana nayo panja. Koma pa liwiro la 10.5 ndi 12, lomwe linali lotsikitsitsa m'kafukufukuyo, kuthamanga panja sikunasiyane kwenikweni ndi treadmill yopanda chitunda. Woyenda pa 5 kapena wothamanga pa 8 asavutike nazo.

Kusowa kwa mphepoko kuli ndi vuto lina: thukuta siliuma, thupi limatentha msanga, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Sankhani makina oyandikana ndi fani kapena zenera, botolo la madzi likhale pafupi, ndipo tsiku lotentha tsitsani liwiro osadziimba mlandu. Pomaliza musadumphe lamba akuyenda. Bwezerani chitunda pa 0, yendani mphindi 5 pa 3 kapena 3.5, chifukwa mukaima mwadzidzidzi magazi amatsalira m'miyendo n'kuchita chizungulire.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Kayezetseni musanayambe, makamaka ngati mwapitirira zaka 40, muli ndi shuga kapena munadwalapo mtima. Amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, musakwere muli ndi njala, ndipo switi ikhale m'thumba. Mukamva kuthina pachifuwa, ululu wopita kumkono kapena kunsagwada, mdima m'maso, kapena kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukugwira, imitsani makina mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Valani nsapato zomanga, masilipasi ayi, ndipo chitenje kapena siketi yofika pansi ikhoza kukodwa kumapeto kwa lamba. Kumene magetsi amathimathima, dziwani kuti akathima lamba amaima mosachenjeza thupi likupitabe kutsogolo, ndiye pewani liwiro lalikulu nthawi imene mukudziwa kuti amakonda kuthima, ndipo foni isakhale m'manja. Amene muli ndi treadmill kunyumba, siyani mpata wa mamita awiri kumbuyo kwake, isagundizane ndi khoma. Mu 2021 kampani ya Peloton inaitanitsa makina ake a Tread+ ku America mwana atamwalira ndipo ena ambiri atavulala pokokedwera pansi pa lamba. Mukamaliza, zulani pulagi, kachingwe kachitetezo kaja mukasunge pamwamba pamene ana sangafike, popeza popanda iko makina ambiri sayaka.