Ma goldfish anga anasiya kuswana chisawawa

Mudamu langa ndinasakaniza mitundu itatu ya goldfish (nsomba zoweta zokongoletsera), ma comet ndi shubunkin a mchira umodzi ndi ma fantail a michira iwiri, osadziwa kuti zonsezi ndi nsomba imodzi basi, zimaswana bwinobwino. Madzi atangofunda kufika madigiri 20 zazimuna zinayamba kuthamangitsa zazikazi m'mawa uliwonse, kenako tiana mbwee, tambiri tofiirira ngati dothi, kamchira kamodzi. Fantail yanga yaikazi inatsala pang'ono kufa nako kutopa, ma comet aja liwiro lake eee.

Neti pakati sinathandize, umuna umangodutsa m'madzimo. Ndiye ndinasamutsira ma fantail muthanki yawoyawo, zazimuna ndimazizindikira ndi timadontho toyera m'masayamu. Ndinamizamo mtolo waulusi, mazira akamatirira ndimautulutsa msanga makolo asanadye, pakatha masiku ngati 5 aswa. Pano tambiri tikutuluka ndi michira iwiri.