Mukafuna kuona maiko a Chipwitikizi ndi Chisipanishi, yambirani ku Maputo

Ambiri mwa ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg dziko la Mozambique timangolionera pawindo la basi. Timalowa pa Cuchamano titatopa kale ndi mizere ya pa Beitbridge, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, posakhalitsa tafika pa Zóbuè, mtima uli kale ku Mwanza. Ndiye munthu akalakalaka kukaona maiko olankhula Chipwitikizi kapena Chisipanishi, maganizo amathamangira ku Brazil ndi ku Peru, akafunsa mtengo wa ndege n'kugwa ulesi. Ine ndimauza anzanga kuti ayambire pafupi. Kuchokera kuno kukafika ku Maputo ndi makilomita pafupifupi 550, ulendo wa tsiku limodzi pa basi, ndipo zimene mungaphunzire kumeneko n'zomwe zidzakuthandizeni tsiku lodzawoloka nyanja.

Musanagule tikiti, tsegulani pasipoti. Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku Mozambique kwa masiku 30, choncho kulowa si nkhani. Nkhani ili pa kutuluka ndi kubwerera muno mu South Africa. Ngati masiku anu kapena pemiti yanu inatha, pa malire amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dziko muno, ndipo chiletsocho chimatha kukhala cha chaka chimodzi mpaka zaka 5. Achimwene, ngati mapepala anu sali bwino, ulendowu uyambe wadikira, konzani kaye zimenezo.

Mabasi a ku Maputo amanyamukira pa Park Station, n'kutsata msewu wa N4 kudzera ku Mbombela ndi Komatipoort mpaka pa chipata cha Lebombo, chomwe tsidya linalo amachitcha Ressano Garcia. Ine ndimakonda basi ya usiku chifukwa umafika kukucha, tsiku lonse lili m'manja. Pewani December ndi nthawi ya Pasaka: anthu a ku Mozambique ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu amakhala akupita kwawo, mzere wake umachita kusowa poyambira. Pa malirepo pasipoti muzipereka nokha pa kauntala, osati kwa anyamata okuuzani kuti akufulumizitsirani, ndipo musanachoke yang'anani ngati adinda komanso deti yomwe alemba. Ndalama yawo ndi metical. Sinthani zochepa zokwerera minibasi, zomwe iwo amati chapa, ndipo muwerenge nokha kawiri. Zotsalazo mukatapa pa makina a banki mumzinda.

Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka October. Kuyambira January mpaka March ndi nyengo ya anamondwe, ndipo tonse tikukumbukira zimene Idai anachita ku Beira mu 2019. China chomwe timachiderera ndi malungo. Timati tinakulira momwemo, koma munthu ukakhala zaka zambiri kuno komwe kulibe malungo, thupi limaiwala kulimbana nawo. Pitani ku famase mukagule mankhwala oteteza, mugone mu neti, ndipo mukabwerako n'kumva kuphwanya m'thupi, muwauze adokotala kumene munali.

Ku Maputo musathamange. Mzindawu unkatchedwa Lourenço Marques mpaka 1976, chaka chisanathe dzikolo litalandira ufulu, ndipo mbali yake yakale, ya kumunsi kufupi ndi doko, imayendeka wapansi m'mawa umodzi. Yambirani pa siteshoni ya sitima, nyumba yobiriwira ndi yoyera ya denga lozungulira. Ena akuuzani kuti anaimanga ndi Eiffel wa nsanja ya ku Paris. Imeneyo ndi nkhambakamwa chabe, koma kukongola kwake sikufuna dzina la munthu. Kenako kaoneni Casa de Ferro, nyumba yachitsulo yokhayokha ya m'chaka cha 1892, yomwe anakonzera bwanamkubwa osaganizira dzuwa la kuno. Mukaigwira khoma masana mudziwa chifukwa chake mwini wakeyo sanakhalemo.

Pamene ine ndimakhalitsa ndi pa Fortaleza, linga la miyala yofiirira lomwe lili pafupi ndi madzi. M'katimo muli bokosi la matabwa osemedwa mwaluso la Ngungunhane, mfumu yomaliza ya ufumu wa Gaza. Apwitikizi anaigwira ku Chaimite mu 1895, n'kuitumiza ku zilumba za Azores komwe inamwalira mu 1906, ndipo bokosilo linafika kwawo mu 1985. Angoni anzanga, apa imani pang'ono. Agogo ake a mfumuyi, Soshangane, anachoka kumwera kuno pa chipwirikiti chomwecho cha nthawi ya Shaka chimene chinasamutsa Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835 n'kudzafika kwathu. Mbiri yomwe tinkaloweza kusukulu kuti tikhoze mayeso, pamenepa umaiona ili ndi nthambi ina imene sanatiuze.

Madzulo pitani ku msika wa nsomba wa m'mphepete mwa nyanja. Mumasankha nokha nsomba kapena nkhanu, kukangana mtengo, kenako n'kupereka kwa amayi ophika a pambali pomwepo. Funsani mtengo wophikira musanakhale pansi. Muitanitsenso matapa, chigwada chosinja chotendera ndi nsinjiro komanso mkaka wa kokonati. Ndiwo imeneyi ndi nsima yotentha, simudzafunanso za m'mahotela. Mlatho wa ku Katembe, womwe unatsegulidwa mu 2018, ndi wongouona mukudutsa, usakudyereni tsiku.

Chingerezi kumeneko sichikufikitsani patali. Mwayi wathu ndi woti aphunzitsi tili nawo konkuno: ku Rosettenville ndi ku La Rochelle kwadzaza anthu a ku Mozambique ndi ku Angola. Ine manambala ndi moni ndinaphunzira kwa mnzanga wina wometa tsitsi, mwezi wathunthu akundiseka. Gwirani manambala, kufunsa mtengo, kufunsa njira ndi kuthokoza. Chisipanishi n'chachibale ndi Chipwitikizi, choncho khama limeneli silitayika.

Ngati muli ndi sabata yathunthu, kwerani basi ya m'bandakucha yolowera kumpoto pa msewu wa N1 mpaka ku Vilankulo, makilomita pafupifupi 700. Alendo ambiri amapitirako zilumba za Bazaruto, ndipo n'zokongoladi, madzi ake oonekera mpaka pansi. Koma pafupi pomwepo pali malo awiri omwe sadziwika kwenikweni. Chibuene, kumwera pang'ono kwa tawuniyi, linali doko la malonda zaka zoposa 1,000 zapitazo, polowera mikanda yagalasi yopita kumtunda. Manyikeni, makilomita pafupifupi 50 kulowera kumadzulo, ndi mabwinja a mpanda wa miyala yosanja popanda dothi, mamangidwe a mtundu wa Great Zimbabwe, ndipo anthu anakhalapo kuyambira cha m'ma 1200 mpaka cha m'ma 1700. Ofukula zakale anapeza kuti nyama ya ng'ombe inkadyedwa ndi a kumpanda, anthu wamba ayi. Musayembekeze makoma ataliatali. Ndi mpanda waufupi m'tchire. Panganani ndi wa galimoto wodziwa njira, mtengo wopita ndi kubwera, ndipo mutenge madzi akumwa.

Ilha de Moçambique, chilumba chimene chinapatsa dziko lonse dzina, ndi ulendo wina pawokha, ndipo kuchokera kwathu ndi pafupi kuposa kuchokera kuno. Mukapita kutchuthi kumudzi, tulukirani pa Chiponde, mudutse ku Cuamba ndi Nampula, kenako muwoloke mlatho wopapatiza wopitirira makilomita 3. Chilumbachi chinali likulu la dzikolo mpaka 1898, ndipo bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse lapansi mu 1991. Kuseri kwa linga la São Sebastião kuli katchalitchi ka 1522, komwe kamawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri ya Azungu kumwera kwa equator. Poyenda m'tinjira take kumbukirani kuti ena mwa akapolo amene ankakwezedwa zombo pamenepa anachokera m'madera ozungulira nyanja yathu. Kumpoto kwake, ku Cabo Delgado, kwakhala nkhondo kuyambira 2017, kumeneko musapiteko.

Tsopano za kutsidya kwa nyanja. Khomo lake ndi São Paulo, ulendo wa maola pafupifupi 10 pa ndege kuchokera ku OR Tambo. Apa pasipoti yathu imasiyana ndi ya eni dziko lino: iwo amalowa ku Brazil popanda viza, ife timafunika kuitenga, choncho funsani ku ofesi ya kazembe musanalipire tikiti, ndipo dziko lililonse mulifunse palokha. Mathithi a Iguaçu, omwe alipo pafupifupi 275 pa malire a Brazil ndi Argentina, amafuna masiku awiri, tsidya lililonse tsiku lake, ndiye kuti maviza awirinso ayenera kulingaliridwa.

Wopita ku Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Inca ku Peru, asamale ndi kutalika kwa malo. Mzinda wa Cusco uli pa mamita 3,400, pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa, ndipo ngakhale ife ozolowera mamita 1,750 a kuno mutu umatiwawa. Mukatsika ndege pitirirani ku Ollantaytambo komwe n'kotsikirapo, mukagone kumeneko, ndipo sitima yopita ku Aguas Calientes, tawuni ya m'munsi mwa mabwinjawo, mukwerera pomwepo. Mabwinjawo, omwe anamangidwa cha m'ma 1450 mu ulamuliro wa mfumu Pachacuti, ali pa mamita 2,430 okha. Matikiti olowera ndi owerengeka, amalembedwa dzina, nambala ya pasipoti ndi ola, choncho gulirani pa intaneti miyezi isanakwane. Njira ya wapansi ya Inca yopita ku mabwinjawo amaitseka February yense.

Bayitsaninso katemera wa yellow fever pa kiliniki ya apaulendo, masiku osachepera 10 musananyamuke. Pobwera kuchokera ku Brazil kapena ku Peru, khadi lachikasulo amatha kulifunsa musanalowe muno, choncho lizikhala m'kati mwa pasipoti.