Liwiro, density ndi madzi a pampopi: werengani yuniti musanagwire kalikyuleta

Pa mayeso a MSCE, ana ambiri amataya mamalikisi pa mafunso a liwiro ngakhale fomyula anailoweza. Chowagwetsa ndi mayuniti. Kamzere ka mu km/h kakutanthauza kugawa: makilomita kugawa ndi maola. Mu g/cm³, yomwe ndi yuniti ya density, magalamu kugawa ndi malo amene chinthu chatenga. Mukawerenga yuniti bwino, fomyula mwaipeza kale.

Tiyerekeze kuti minibasi yachoka ku Limbe kupita ku Zomba, mtunda wa makilomita 60, ndipo yatenga ola limodzi ndi mphindi 30. Musalembe 1.30. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100, choncho mphindi 30 ndi 30 ÷ 60 = 0.5, nthawi yonse ndi maola 1.5. Liwiro ndi 60 ÷ 1.5 = 40 km/h. Wolemba 1.3 apeza 46, ndipo poti nambalayo ikuoneka yomveka, sazindikira kuti walakwa. Mphindi 45 ndi 0.75, mphindi 20 ndi 1/3. Yomalizayi ilembeni ngati fulakishoni kuti yankho lisasokonekere.

Pali msampha wina woposa uwu. Pa mtunda womwewo wa makilomita 60, galimoto yapita pa 60 km/h, yabwerera pa 40 km/h. Ambiri amaphatikiza n'kugawa ndi 2, n'kupeza 50. Ayi. Popita inatenga ola limodzi, pobwerera maola 1.5. Mtunda wonse ndi makilomita 120, nthawi yonse maola 2.5, ndiye 120 ÷ 2.5 = 48 km/h. Yankho latsika chifukwa galimotoyo inakhala nthawi yaitali ikuyenda pang'onopang'ono.

Kusintha km/h kupita ku m/s, gawani ndi 3.6, poti kilomita ndi mamita 1,000 ndipo ola ndi masekondi 3,600. Motero 72 km/h ndi 20 m/s.

Zomwezi mungaziyese kunyumba. Ikani chigubu cha malita 20 pampopi, muwerenge nthawi pafoni. Chikadzaza pa mphindi 2 ndi masekondi 30, ndiye kuti 20 ÷ 2.5 = malita 8 pa mphindi. Mita ya Blantyre Water Board imawerenga ma m³, ndipo 1 m³ ndi malita 1,000. Pa liwiro limeneli, kuti 1 m³ ikwane padzafunika mphindi 125, kutanthauza maola 2 ndi mphindi 5, osati 1.25.

Pa density, tengani njerwa yolemera 2.4 kg, yotalika 20 cm, mulifupi 10 cm, kuchindikala 6 cm. Chulukitsani: 1,200 cm³. Sinthani kulemerako kukhale magalamu 2,400 musanagawe, mupeza 2 g/cm³. Madzi ndi 1 g/cm³, n'chifukwa chake njerwa imamira pomwe mafuta ophikira, omwe safika 1, amayandama. Funso likafuna kg/m³, chulukitsani ndi 1,000: njerwayo ndi 2,000 kg/m³. Samalani apa, 1 m³ ndi 1,000,000 cm³, chifukwa 100 amachulukitsidwa katatu, mulitali, mulifupi ndi msinkhu.

Lembani yuniti pa mzere uliwonse wa ntchito yanu, osati pa yankho pokha. Mukapeza minibasi ikuthamanga 400 km/h, bwererani pomwe munasintha mphindi kukhala maola.