Zoyenera Kudziwa Wophunzira Sayansi Asanapite ku Atachimenti ya ku Fakitale

Inu ophunzira chemistry ndi biology pa University of Malawi kuno ku Zomba, posankha malo a atachimenti musaiwale mafakitale amene ntchito yawo yaikulu imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Ethco ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa amapanga ethanol (mtundu wa mowa) kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, pomwe Chibuku ndi Castel amafulula mowa. Lembani kalata yopempha malo nthawi ikadalipo, ndipo wofuna za ethanol akumbukire kuti nzimbe zimadulidwa m'chilimwe, kuyambira cha mu April mpaka November.

Chimene mukukaphunzira kwenikweni ndi kusamala thanki imene muli chinthu chamoyo. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa mowa, mpweya wa carbon dioxide komanso kutentha. M'botolo la mu labu kutenthako kumachoka kokha, koma m'thanki yaikulu kumaunjikana, n'chifukwa chake amaiziziritsa ndi madzi kuti isapitirire kwambiri madigiri 35, popeza kupyola pamenepo yisiti imafooka shuga asanathe. Mdani wina ndi mabakiteriya, amene amalimbirana shugayo ndi yisiti n'kumusandutsa asidi. Mayi wofulula masese amadziwa kuti mbiya yosatsuka imasasitsa mowa, ndipo ku fakitale n'chimodzimodzi, kungoti chotayika chimakhala chochuluka. Choncho akakutumani kutsuka mapaipi ndi caustic soda, kapena kuika ziwiya mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha) pa madigiri 121 kwa mphindi 15, musaganize kuti akupeputsa maphunziro anu. Ine ndimaona kuti wophunzira amene wamvetsa chifukwa chake pakona pa paipi pamabisala dothi wapindula kuposa amene wakhala mwezi wonse pa kompyuta.

Mukatapa sampulo n'kuyeza pH (mlingo wa asidi) kapena Brix (mlingo wa shuga), lembani nambalayo nthawi yomweyo pamodzi ndi ola lake. Ngati mwaiwala kuyeza, nenani chilungamo m'malo mopeka nambala yooneka bwino, chifukwa anzanu olowa usiku amadalira zimene mwalembazo posankha chochita ndi thankiyo.

Pa chitetezo pokha palibe kunyengerera. Carbon dioxide sanunkha ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, moti amadikha pansi pa thanki ngakhale yooneka yopanda kanthu, ndipo munthu amakomoka asanakuwe n'komwe. Musalowemo kapena kusuzumiramo popanda chilolezo cholembedwa. Nthunzi ya ethanol nayo sichedwa kuyaka.

Bambo woyendetsa makina amene wakhalapo zaka zambiri amazindikira vuto pongomva fungo kapena kuona thovu, choncho mufunseni mwaulemu, kenaka mufufuze nokha sayansi ya zimene wanenazo. Logbook yanu (buku lolembamo ntchito zimene mwagwira) isainidwe sabata iliyonse, ndipo musajambule makina n'kuika pa Facebook akuluakulu asanakuloleni, pakuti kapangidwe ka zinthu ndi chinsinsi cha kampani.