Mukapeza kamwana ka pusi kapena ka gwape, chitani izi

Ine ndinagulapo kamwana ka pusi pamsewu wopita ku Senga Bay. Mnyamata wina anali atakamanga chingwe m'chiuno, kakunjenjemera, ndiye chisoni chinandigwira. Mumtima ndinkati ndikukapulumutsa. Patapita zaka ziwiri pusi uja anali pa tcheni patsinde pa mango kuseri kwa nyumba, akungozungulira mpaka pansi panachita kanjira, ndipo tsiku lina analuma mdzukulu wanga pamkono. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, chifundo chanu chija ndi chimenechi." Ndinasowa choyankha.

Ndiye poyambira ndi apa: musagule, ngakhale mtengo wake ukhale wa sopo. Kamwana ka pusi kamakhala kokakamira pamimba pa make. Kuti munthu akatenge, kawirikawiri make amakhala ataphedwa, kaya ndi agalu m'munda wa chimanga kaya pamsampha. Mukapereka ndalama, mwamutuma mnyamata uja kuti mawa akasakenso.

Mukakapeza nokha kutchire, musafulumire kunena kuti ndi kamasiye. Ife okhala kumunsi kwa nkhalango ya Thuma timakumana nazo pomweta udzu: kamwana ka gwape kali phee pachitsamba, kokhakokha. Make ndiye amakabisa dala, n'kumabwera kudzakayamwitsa. Musakakhudze. Itanani agalu anu muchokepo, mudzasuzumirenso mawa lake.

Ngati make mwamuona atafa, kapena kanyamako kavulala, apo pokha ndi potola. Kaphimbeni ndi bulangete kapena chitenje chakale, kaikeni m'katoni yoboola timabowo, pamalo a mthunzi, a zii. Chovuta kwambiri ndi ana a m'mudzi, pakuti aliyense afuna aone. Athamangitseni ndithu, mantha okha amatha kupha kanyama. Musakakamize phala kapena mkaka wa ng'ombe kukamwa, kamatsamwa. Ngaka ndiye musayese n'komwe, chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe basi. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Tsiku lomwelonso dziwitsani a gemu, kapena apolisi, ndipo amfumu amve. Musati ndikasunge kaye sabata imodzi. Inenso ndinayamba ndi sabata imodzi. Musakwerenso nako minibasi kuti mukakatule nokha ku Lilongwe, chifukwa pa rodibuloko wopezeka nako ndi inu, opanda chikalata. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka ndi njovu chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. A gemu amadziwa kotumiza nyama zotere. Zambiri zimapita ku Lilongwe Wildlife Centre, komwe kuli madokotala a nyama.

Mnzanga wina pa bawo anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga kumeneko si mpandanso? Kusiyana kwake ndi mango anu aja n'kotani?" Funso labwino, ndipo ndinalitafuna masiku angapo. Mpanda ulipo, inde. Koma ine malo alionse osungirako nyama ndimawayesa pofunsa woperekeza alendo kuti nyama iyi inachokera kuti, nanga ikupita kuti. Ku Lilongwe kuja apusi ndi anyani amasiye amawaphatikiza kuti akhale gulu, azolowerane, adziwe kudzifunira chakudya, kenako gulu lonse n'kukalimasula kutchire, ena ku Kasungu National Park. Imene singathenso kubwerera, yolumala kapena yozolowera anthu mopitirira, ndiyo imatsala. Pusi wapayekha ngati wanga uja sadziwa chipusi, sungangomutaya m'nkhalango n'kumati wapita kwawo.

Koma woperekeza alendo akayamba kuzemba funsolo, kapena akanena kuti nyamayo anaigula kuti anthu azidzaona, yang'anani pansi m'mbali mwa waya. Mukaona kanjira kosalala kamene nyama yapanga popita uku ndi uku, ine ndimakadziwa kanjira kameneko. Onaninso ngati ili ndi pobisala ikatopa ndi maso a anthu, ngati madzi ake ndi oyera, ngati nyama yoyenda m'gulu ili ndi zinzake. Akakupatsani kuti muinyamule mujambulitse, kanani, ndipo ndalama ya pageti musadzaperekenso kumeneko.

Ofuna kuonetsa ana nyama, kuno kwathu sitikusowa kopita. Ku Kuti, pafupi pomwepa ndi boma la Salima, kuli mbidzi, mphalapala ndi nyamalikiti, ndipo mumatha kuyenda wapansi kapena panjinga. Ku Nkhotakota, nkhalango ya masikweya kilomita 1,800, a bungwe la African Parks anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Nakonso kuli waya, wotchinjiriza minda ya anthu, koma njovu imatha kuyenda mtunda wautali osaukhudza.

Lawirirani m'mamawa dzuwa la Salima lisanakwiye, tengani madzi akumwa, ndipo anawo muwachenjezeretu kuti nyama za kumeneko sizidikira alendo. Mdzukulu wanga wa chipsera pamkono uja ulendo woyamba anabwerako atakwinya nkhope, ataona mapazi a mbidzi ndi ndowe zokha.