Mashoko a Galimoto Yokwezedwa: Yezani Musanagule

Eni Hilux ndi Land Cruiser ambiri kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza amakweza galimoto zawo kuti zisamakhule pansi popita ku Tsangano kukatenga mbatatesi, kapena m'misewu ya fumbi ya ku Bembeke ndi Kasumbu dzinja likafika. Kukwezako n'kwanzeru ndithu. Chodandaulitsa n'chakuti amasintha masipuling'i okha, mashoko n'kusiya akale, ndipo akatha amakagulanso ofanana nawo pongotchula dzina la galimoto.

Shoko sanyamula katundu. Imeneyo ndi ntchito ya sipuling'i. Shoko amangoletsa sipuling'i kunjanja kuti tayala likhale logunda pansi. Mukakweza galimoto ndi mamilimita 50, shoko wakale amakhala watambasuka kale galimoto ili chiimire. Tayala likalowa m'dzenje, iye amafika pamapeto msanga n'kukoka mwamphamvu, ndiye mumamva "gu!" pansipo. Zikamachitika tsiku ndi tsiku mabushi (timalabala ta pomangirira shoko) amang'ambika, mafuta amayamba kutuluka, mwinanso pomangirira pake pamathyoka. Mwini wake amati anamugulitsa katundu wachabe, chonsecho wolakwa ndi muyeso.

Wamtali kwambiri nayenso ndi vuto. Mukadzaza matumba kumbuyo, amaphwathika mpaka kugunda m'kati mwake galimoto isanakhale pa labala woimitsa ekiselo (chitsulo chogwira matayala) ikakwera kwambiri, ndipo kulemera konse kumathera pa iye. Choncho auzeni amakaniko anu ayeze kawiri, kuchokera pa bawuti ya m'mwamba kufika pa ya m'munsi: koyamba atanyamula galimoto tayala likulendewera shoko atamasulidwa, kachiwiri ekiselo itakwera mpaka kukhudza labalayo. Manambala awiriwo ndiwo mupite nawo kogula. Tayala likadali lolendewera, yang'ananinso paipi ya mabuleki. Ngati yakokeka ngati chingwe cha uta, ikani yaitali musanayendenso.

Msewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana umatenthetsa mafuta a m'shoko mpaka kuchita thovu, ndipo shoko wathovu sagwira kanthu. Pa misewu yathuyi ndimalangiza mashoko a gasi, okulirapo thupi, chifukwa sachita thovu msanga. Akaunjika aja ochotsedwa pa galimoto zina amatchipa, koma palibe angakuuzeni mtunda umene anayenda.

Shoko wotha amadziwika. Galimoto imapitiriza kudumpha bampu itadutsa kale, imaweramira kutsogolo mukaponda buleki, matayala amadyeka mwa zigambazigamba. Mukayenda kamtunda pa msewu woipa, imani n'kuyandikitsa dzanja mosamala: wogwira ntchito amafunda, wozizira ndiye kuti wafa. Galimoto yokwezedwa imapendama kwambiri pokhota, ndipo m'makona otsetsereka a ku Golomoti shoko wakufa angakugwetsereni kuphompho ndi anthu omwe mwanyamula.

Sinthani awiri nthawi imodzi, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, pamodzi ndi mabushi ake. Musalowe pansi pa galimoto yokhazikidwa pa jeke yekha kapena pa njerwa. Mabawuti a m'mabushi muwamange komaliza galimoto itatsitsidwa pansi, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Shoko wa gasi musamuwotcherere kapena kumuponya pamoto, amaphulika. Ngati munamasula zamiyendo yakutsogolo, kawongoletseni matayala, ndipo pakatha sabata mukuyenda bwererani ku galaja akaonenso mabawuti onse.